Maliro Osatha a Kampani ya Fungatira

M'dziko la Zilibwino, kumene kunkalamulira Mfumu Ndakhuta Wachiwiri, munthu aliyense wolandira kanthu pakutha pa mwezi ankadulidwa ndalama ya inshuwalansi ya zaumoyo. Ndalamayo inkapita ku kampani yotchedwa Fungatira. Pangano lake linali losavuta kumva: ukadwala upita kuchipatala, achipatala akuthandiza osakufunsa kanthu, kenaka atumiza mtengo wake ku Fungatira, ndipo Fungatira iwalipira. Mbali zitatu zoyambazo zinkayenda bwino. Anthu ankadwala mokhulupirika, achipatala ankathandiza, mitengo inkatumizidwa. Mbali yachinayi ndi imene inali isanaonekepo ndi maso.

Pamsika wa Tidyenji panali kachipatala ka Mai Velina Kalonjere, ka zipinda ziwiri ndi khonde, m'nyumba yalendi. Mmodzi mwa odwala awo anali Bambo Yotamu Sambakunsi, amene anakalambira pa ntchito yokwirira maenje m'misewu ya mfumu, ndipo penshoni yawo inkadulidwabe inshuwalansi. A Yotamu anali ndi matenda a shuga. Moyo wawo unkakhala m'kabotolo, kabotoloko m'firiji ya Mai Velina. Akachedwa kubayidwa jekeseni ankayamba kuona mkazi wawo Nagama ngati anthu awiri, ndipo ankadandaula kuti mmodzi yemweyo akuwakwanira.

Tsiku lina wopikulitsa mankhwala anauza Mai Velina kuti zongongoza zakwana, sabweretsanso kanthu. Mwini nyumba nayenso anabwera ndi loko watsopano, akuti kudzangowaonetsa. Apo Mai Velina anamema madokotala anzawo, napita ku Kumpanda, likulu la dzikolo, kukadandaula.

Mfumu inawalandira ikutokosa m'mano.

"Mwatitengera chiyani, ana anga?"

"Tabwera chimanjamanja, mfumu, ndipo nkhani yake ndi imeneyo," anatero Mai Velina atagwada. "A Fungatira satilipira. M'mashelefu mwathu mwatsala fumbi lokha. Fumbilo taliyesa, silichiza."

Mfumu inakhudzidwa kwambiri moti inaika pansi kotokosera kaja. Inaimirira ndi kulankhula za umoyo wa anthu ake, za agogo ake amene anayamba kuganizira za umoyowo, za mayiko ena amene akutisirira, mpaka madokotala ogwada aja anasiya kumva miyendo yawo. Pomaliza inalamula kuti kuyambira tsiku lomwelo Fungatira izilipira chipatala chilichonse mwezi usanathe. Ndipo kuti lamulolo likhale ndi mano, inakhazikitsa Ofesi ya Mlonda wa Nthawi. Udindowo unagwera Bambo Filimoni Kachedwa, amene mwangozi chabe anali mlamu wa mfumuyo. Anawapatsa galimoto, mlembi, ndi wotchi yapakhoma yochokera kunja, yonyamulidwa ndi amuna awiri. Asanayambe ntchito anapita kaye ku hotela ya kuphiri kukaphunzira kuwerenga wotchiyo, ndipo anabwerako atanenepa.

Kumchira kwa lamulolo kunali mawu ochepa: masiku a maliro sawerengedwa. Palibe anatsutsa. Ku Zilibwino, monga kulikonse kumene anthu analeredwa, namfedwa salonjereredwa ngongole mpaka atameta. Amene anakumbutsa mfumu za mwambo wabwinowu anali Bwana Mwalandira, mkulu wa Fungatira, amene tsiku limenelo anangopezeka atakhala pafupi ndi khutu la mfumu.

Mwezi uli pafupi kutha, a Kachedwa anakweza wotchi ija pagalimoto kupita ku likulu la Fungatira. Mai Velina anawatsatira pa minibasi. Atayandikira anapeza masamba aawisi atawayala pamsewu. Dalaivala anachepetsa liwiro, a Kachedwa anavula chipewa. Kutsogolo kwa nyumba yosanja yamagalasi kunali tenti, moto wa zikuni, ndi kwaya ya yunifolomu imene inkaimba nyimbo zachisoni molandira malipiro. Pamphasa panakhala Bwana Mwalandira, suti yakuda, tsitsi litakula ngati tchire losatenthedwa.

A Kachedwa anagwada. "Pepani, bwana, pepani ndithu. Watisiya ndani?"

"M'bale wathu," anatero Bwana Mwalandira ndi mawu onjenjemera. Kenaka anacheukira kalaliki wawo. "Paja ndani?"

"Mayi wina wa ku Mtsinjewouma, bwana."

"Eya, ameneyo. Tinkagwirizana naye kwambiri."

Mai Velina analephera kudzigwira. "Mayiyo ndamva za iye. Wamwalira ndi malungo chifukwa chipatala cha kwawo chinalibe mankhwala. Ndi m'bale wanu pati?"

Bwana Mwalandira analoza chikwangwani chimene chinali pamwamba pa khomo, cholembedwa kuti TONSE NDIFE BANJA LIMODZI. "Aliyense amene timamudula ndalama ndi magazi athu, mayi. Inu mumati odwala. Ife timati abale."

"Ndiye mumeta liti?"

"Tinakonza zometa mawa. Lumo tagula kale. Koma tangolandira uthenga kuti kwagwanso zovuta ku Chimbalame." Anapukuta m'maso. "Banja lalikulu ndi mtolo, mayi. Inu muli ndi mwayi."

A Kachedwa analamula kuti wotchi ija aichotse mabatire ndi kuifunditsa nsalu, chifukwa kugunda kwake kunkasokoneza olira. Anaponya chipepeso cha boma m'mbale, kenaka anayang'anitsitsa Mai Velina mpaka nawonso anaponyamo ndalama yawo yokwerera minibasi. Pochoka mayiwo anaona kuti zenera limodzi la nyumbayo linali lotsekula, anthu ali pamzere kulipira inshuwalansi.

"Nanga apa bwanji simunatseke?" Mai Velina anafunsa mlonda wa pageti.

"Kulandira pamaliro sikoletsedwa, mayi. Chimenecho ndi chipepeso."

Chigayo chake chinkazungulira motero. Kampani ikapanda kulipira, zipatala zinkasowa mankhwala. Zikasowa mankhwala, anthu ankafa. Akafa, kampani inkalira, ndipo wolira salipira. Kuti pasapezeke tsiku lopanda misozi, Fungatira inalemba ntchito amuna a njinga zamoto oti azizungulira midzi kumvetsera kumene kwabuka mfuu. Amene anakonza zimenezi anapita kusukulu, ndipo fizi yake sinapite pachabe.

Mai Velina anafika ku Tidyenji wapansi, mapazi atatupa. Anakhala pakhonde la chipatala chawo ndi kufotokozera anthu a pamsika zonse zimene anaona. Nagama, amene ankagulitsa anyezi kutsogolo kwa khondelo, anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti iwowo akudyera maliro athu," anatero.

"Ndi momwemo."

"Tiwamane."

Anthu anayang'anana. Kubisa maliro ku Zilibwino ndi mlandu woopsa. Wobisa maliro amatchedwa mfiti, ndipo lamulo limamutsekera mosafunsa zambiri.

"Mukuti tisiye kufa, mayi?" anafunsa wogulitsa makala. "Ineyo ndavomera, koma apongozi anga samva za munthu."

"Ifani, palibe wakuletsani. Koma muzifa mwakachetechete. Mwezi umodzi wokha, wotchi ija iyende, adokotalawa alipidwe. Zikatheka tidzalira onse pamodzi, mpaka mawu atatha."

"Nanga misozi tiitani? Misozi simva lamulo."

Nagama anatola anyezi mmodzi ndi kumukweza m'mwamba. "Wofuna kulira azisenda uyu pakhomo. A njinga zamoto akafunsa, mukukonza ndiwo."

"Onani, malonda ayambika," anatero wa makala uja, anthu n'kuseka.

Kalipentala wa pamsikapo anati mabokosi aziwaika tizitseko ndi tizigwiriro kuti azioneka ngati makabati. Adzukulu anati azipita kumanda ndi makasu paphewa ngati opita kudimba. A Yotamu, amene anakhala pabenchi kudikira jekeseni, anagogoda ndodo pansi.

"Ine ndaneneratu. Ndikafa mundilire bwinobwino, ndi kwaya yomwe. Sindinakwirire maenje moyo wanga wonse kuti ndikalowe m'dzenje langa ngati mbale za m'kabati."

"Inu simufa, bambo a Edesi," anatero Nagama. "Takuletsani."

"Wandiletsa ndani?"

"Komiti."

Nkhaniyo inayenda ndi makondakitala a minibasi, ndipo posakhalitsa dziko lonse linangoti zii. Mtengo wa anyezi unakwera kuposa wa nyama. M'misewu munkadutsa anthu atasenza makabati olemera, nkhope zili gwa, akuimba nyimbo zaukwati chapansipansi. Wa njinga yamoto wina anaimitsa gulu lina ku Chimbalame.

"Kabatiyi mukupita nayo kuti?"

"Tikusamuka."

"Kusamukira kumanda?"

"Lendi yake ndi yotsika, achimwene."

Ku likulu la Fungatira kunagwa chisoni chenicheni koyamba. A njinga zamoto ankabwerako opanda kanthu. Kwaya anaichotsa ntchito. Anayesa kulira galu wa mlonda wa pageti, koma zinapezeka kuti galuyo sankadulidwa ndalama. Mapeto ake Bwana Mwalandira anakhala pampando n'kumetedwa, tsitsi lawo linadzaza thumba la feteleza, ndipo a Kachedwa, mosafuna, anavundukula wotchi ndi kubwezeramo mabatire.

Ku Tidyenji anthu ankayenda ngati asenza mazira. Mai Velina anapinyolitsa bedi lawo kuti apeze kabotolo kena ka a Yotamu, ndipo mwini nyumba anavomera kusunga loko uja m'thumba mpaka mwezi uthe. Popeza aliyense ankadziwa kuti Nagama, mwini nzeruyo, sangathe kulira mwamuna wake ndi anyezi, msika wonse unasanduka alonda a a Yotamu. Akatsokomola, malonda ankaima.

"Madala, gwirani pomwepo! Musayerekeze!"

"Ndangotsamwa ndi mtedza, anthu inu."

"Mtedzawo musiyenso."

"Ha! Kudwala pamzere, penshoni pamzere, tsopano ndi kufa komwe pamzere," ankatero a Yotamu. Koma zinkawakoma. Chibadwire anali asanafunidwepo ndi anthu ambiri chotere.

Mwezi unatsala pang'ono kukwana. Mai Velina anachapa chikwama chachikulu cholandirira malipiro. Ndipo apa ndi pamene a Kachedwa anakumbukira kuti munthu wogwira ntchito yabwino ayenera kuonekera. Anaitanitsa malipoti a maboma onse, nawona kuti chiyendereni wotchi yawo palibe maliro ngakhale amodzi amene analengezedwa. Sanafunse kuti zatheka bwanji. Munthu wa udindo safunsa funso limene yankho lake lingamuchotsere mendulo.

Bwalo linaitanidwa. Kunabwera nduna zonse, madokotala, ndi anthu wamba odzaona ndi maso awo kampani ikulipira. Mai Velina anakhala kutsogolo ndi chikwama chawo, Nagama pambuyo pawo. A Kachedwa anaimirira.

"Mfumu, munandituma kuti ndikayang'anire nthawi. Ine ndachita zoposa pamenepo. Chikhazikitsireni ofesi yanga, m'dziko muno simunafe munthu."

Mfumu inatsegula pakamwa. "Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale wakhanda, mfumu. Anthu akungogula makabati. Chuma chakwera."

Nduna zinaomba m'manja. Bwana Mwalandira anapempha kulankhulapo, mutu wawo ukuwala ngati dzira.

"Mfumu, ife ndi okonzeka kulipira, cheke chili m'galimoto. Koma chikumbumtima chikundivuta. Mwezi wonsewu zipatala zinalibe mankhwala, iwo eni anena. Ndipo mwezi womwewu ndi umene sikunafe munthu. Ine si dokotala. Ndikungofunsa kuti kodi chinkapha abale athu chinali chiyani?"

Bwalo linang'ung'udza. Mfumu inatembenukira kwa Mai Velina.

"Mwana wanga, iwe ndiwe unabwera kudzalira pano. Tandiuza zoona. Alipo amene wamwalira kwanuko?"

Mai Velina ankawadziwa ndi mayina: wosoka nsapato, mwana wa wogulitsa makala, mayi wapakati wa kuseri kwa chigayo. Anayang'ana Bwana Mwalandira, naona kuti m'khwapa mwawo apana mphasa yopindapinda, ndipo m'thumba la jekete mukusuzumira kansalu kakuda. Akanena zoona, bwanayo agwa pansi pomwepo ndi kuyamba kulira kabati iliyonse payokhapayokha, ndipo wotchi sidzagundanso mpaka ana a Edesi atamera imvi. Anacheuka, naona anthu a ku Tidyenji, amene mawu amodzi okha akanawasandutsa mfiti zonjatidwa. Nagama anaweramitsa mutu.

"Palibe, mfumu," anatero Mai Velina.

Mfumu inalumpha ngati mwana. Pomwepo inalengeza kuti imfa yathetsedwa m'dziko la Zilibwino, ntchito imene inakanika agogo ake. Zipatala zonse zitsekedwe, ndi kuthokoza. Ndalama zimene Fungatira inkayenera kulipira zipite ku chikondwerero cha Kutha kwa Imfa. Kudula inshuwalansi kupitirire, pakuti zaonekeratu kuti ikugwira ntchito. Ndipo aliyense wonena kuti wina wamwalira adzakhala atanyoza mpando wachifumu.

Loko uja anatuluka m'thumba. Firiji inakwezedwa pangolo ya wopikulitsa mankhwala. Mai Velina anapereka kabotolo kotsala kwa Nagama, amene anakaika mumtsuko wa madzi kuti kazizizira, ndipo adokotalawo ankabwera kudzabaya a Yotamu kunyumba mpaka kanauma. Anapita ku Kumpanda kukafuna kena, koma masitolo a mankhwala anali atasanduka ogulitsa nsalu za chikondwerero.

A Yotamu anamwalira masana, dzuwa lili paliwombo, atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Asanatseke maso anauza Nagama kuti tsopano akumuona anthu anayi, ndipo onsewo aoneka otopa, akapume.

Nagama analira. Sanasende kanthu. Analira kulira kwenikweni, kotchula dzina, kofika mpaka kumsika, ndipo anthu amene anameza misozi mwezi wonse anaima m'makomo mwawo. Apolisi awiri anafika ndi unyolo m'manja.

"Mukulira chiyani, mayi?"

"Amuna anga."

"Atani amuna anuwo?"

Nagama anayang'ana unyolo uja, nayang'ananso mwana wake Edesi amene anali atamugwira chitenje. "Akhala chete," anatero.

"Basi? Akazi ena akupempherera zomwezo." Wapolisiyo anasuzumira pamphasa, nabwerera m'mbuyo msanga. "Asiyeni apume. Koma tisamve zoti mwawakwirira. Kukwirira munthu wamoyo ndi mlandu wakupha." Ndipo mmodzi anatsala pakhomo kuti aziteteza a Yotamu.

M'mawa mwake linali tsiku la penshoni, imene munthu amalandira yekha podinda chala. A Yotamu sanapite, ndipo Fungatira inasowa podula. Kampani imene inkatha chaka ikusakasaka cholembera choti isainire cheke inasuma tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Samani inati wozengedwa mlandu aonekere yekha pamaso pa mfumu.

Anthu a ku Tidyenji ndi omvera malamulo. Anawasambitsa a Yotamu, kuwaveka jekete lawo la kutchalitchi, kuwamangirira pampando ndi chitenje, ndi kuwanyamula mpaka ku Kumpanda. Inali nyengo yotentha. Nduna zimene zinakhala pafupi ndi khomo zinayamba kusuntha mipando.

"Iwe Sambakunsi," inatero mfumu, "ndakuchotsera imfa, ndipo ukukana kulipira kandalama kochepa. Ukuti bwanji?"

A Yotamu sanayankhe.

"Akuti chiyani?"

A Kachedwa anayandikira, mpango uli pamphuno, natchera khutu. "Akuti akuthokoza boma, mfumu."

"Ali ndi dandaulo lililonse?"

"Alibe, mfumu."

"Pa za zipatala zija?"

"Akuti sakuzifunanso."

Mfumu inayang'ana munthuyo nthawi yaitali, ndipo nkhope yake inafewa. Inati chikhalireni pampando sinaonepo nzika yotere: yosadula mawu, yosapempha kanthu, yosaphethira ngakhale pamaso pa mfumu. Anthu otere ndi amene boma likuwasowa. Inawakhululukira mlandu, ndipo pomwepo inawasankha kukhala Wachiwiri kwa Mlonda wa Nthawi, kuti azithandiza a Kachedwa kuonetsetsa kuti zipatala, zikadzapezekanso, zizilipidwa msanga. Bwana Mwalandira anayamikira chisankhocho, napempha kuti inshuwalansi azidula ku malipiro atsopanowo.

Nagama anakwawa ndi maondo mpaka kutsogolo.

"Mfumu, ndipatseni amuna anga ndipite nawo kwathu. Ndikudziwa pamene ndingakawagoneke."

"Mayi, musakhale wodzikonda. Amuna anu tsopano ndi a dziko lonse."

A Yotamu anawakhazika pamzere wa nduna, pakati pa ya zachuma ndi ya zachilungamo. Mai Velina anayamba kugulitsa tomato pamsika, ndipo ogula ena amati akasankha tomato amakweza buluku pang'ono kuwaonetsa mwendo wotupa. Nagama amalawirira ku Kumpanda tsiku lililonse ndi kanthambi, kukaingitsa ntchentche pankhope ya mwamuna wake. Alonda amamulola chifukwa ndi mkazi wa bwana. Salira, pakuti mkazi wa nduna alibe chifukwa cholirira.

A Yotamu akadali pomwepo. Sanajombepo ku msonkhano, sanapemphepo alawansi, ndipo lamulo lililonse limadutsa iwo atavomereza. Ku Tidyenji amati pa nduna zonse za Mfumu Ndakhuta, ndi okhawo amene akununkha pa chifukwa chomveka.